Kodi Chiopsezo cha Mbewu Yanu Chili M'manja mwa Yani? Phunziro pa Reinsurance ndi Zidziwitso Zake

Usiku wa pa 8 Okutobala 2024 moto unabuka pa Mbare Musika mumzinda wa Harare, ndipo pomwe kumacha, mbali yaikulu ya malo a amalonda inali itasanduka phulusa. Anthu zikwi zingapo anataya katundu wawo usiku umodzi, moti boma linalengeza kuti pamalopo pagwa tsoka lofunika thandizo lapadera. Ife a malonda a mbewu tili ndi chifukwa chathuchathu chokumbukira tsikuli. Okutobala ndi mwezi umene masitolo athu amadzaza mpaka kudenga. Mvula imakhala ili pafupi, mlimi wa ku Mutoko kapena ku Murewa amene wabwera kudzagulitsa tomato amafuna kubwerera kwawo atanyamula thumba la mbewu, ndipo ndalama zonse za wogulitsa, zake ndi zangongole zomwe, zimakhala zili pa shelefu. Ku Glen View Area 8, kumene amisiri amapanga mipando ndi mabedi, moto wakhala ukubuka mobwerezabwereza kwa zaka zambiri.

Ambiri mwa amene katundu wawo anapsa ku Mbare analibe inshuwaransi, ndipo imeneyo ndi nkhani ya tsiku lina. Phunziro lino ndi la inu amene muli nayo, amene mumasunga pepala la pangano mu kabati nkumagona mtima uli m'malo. Funso lathu ndi ili: kampani imene inalandira ndalama zanu, kodi chiopsezo chanucho inachisunga yokha, kapena inachigawirako ena? Ngati inagawirako ena, inayenera kudziwitsa ndani, ndipo liti? Nanga chidziwitsocho chikapanda kufika, amene amapsa nazo ndani?

Mutu umodzi susenza denga

Makolo athu amene anachoka ku Nyasaland, ku Tete ndi kummawa kwa Zambia kudzagwira ntchito ku Salisbury anayambitsa mabungwe a maliro, ndipo mabungwe otere akadalipo ku Mbare, Highfield, Mufakose, Mabvuku ndi Tafara. Aliyense amasonkha pang'ono mwezi ndi mwezi, ndipo wina akamwalira thumba limagula bokosi ndi kudyetsa anthu. Dongosololi limayenda bwino chifukwa anthu samwalira tsiku limodzi. Koma basi yonyamula mamembala khumi ikagubuduzika, thumba limauma lisanafike pa maliro achinayi. Bungwe lanzeru likadapangana ndi mabungwe ena kuti tsoka lotere likagwa adzasenzere limodzi, ilo nkumawapatsako gawo la zosonkha zake chaka ndi chaka.

Zimenezi ndi zomwe makampani a inshuwaransi amachita, ndipo pamsika amazitcha reinsurance, kutanthauza inshuwaransi imene kampani ya inshuwaransi imadzigulira yokha. Malondawa anakula chifukwa cha moto. Mzinda wa Hamburg ku Germany utapsa mu 1842, makampani ena analephera kulipira, ndipo mu 1846 kunakhazikitsidwa Cologne Re. Tawuni ya Glarus ku Switzerland itapsa mu 1861, patapita zaka ziwiri kunabadwa Swiss Re. Kuno ku Zimbabwe, patangopita zaka zochepa dziko litalandira ufulu, boma linakhazikitsa Zimbabwe Reinsurance Corporation pofuna kuti ndalama za inshuwaransi zisamangothera kunja. Mphukira yake lero ndi Emeritus Reinsurance, yomwe ili pansi pa ZimRe Holdings ndipo imagwiranso ntchito ku Malawi, Zambia, Mozambique ndi Botswana. Palinso ena monga FBC Reinsurance, First Mutual Reinsurance ndi ZB Reinsurance, komanso ZEP-RE, kampani ya mayiko a COMESA yomwe likulu lake lili ku Nairobi koma ili ndi ofesi ku Harare. Pamwamba pa amenewa pali Africa Re ya ku Lagos, yomwe inakhazikitsidwa mu 1976, ndi makampani akuluakulu a ku Johannesburg, London, Munich ndi Zurich. Nawonso a reinsurance amagawirako anzawo zomwe alandira, moti chiopsezo cha sitolo ya pa Machipisa chikhoza kukathera pa tebulo la munthu amene sanaonepo chimanga chili m'munda.

Tiyerekeze kuti muli ndi sitolo ku Glen Norah ndipo mwaika pa inshuwaransi mbewu ya madola 20,000 a ku America, pulimiyamu yake madola 300. Ngati kampani yanu ili ndi pangano logawana mwa magawo, lomwe amalitcha quota share, la magawo 60 pa 100 alionse, ndiye kuti madola 180 ndi a reinsurance, 120 ndi a kampaniyo, ngakhale a reinsurance amabwezako pang'ono ngati komishoni. Sitolo ikapsa yonse, kampani imatulutsa madola 8,000 m'thumba mwake, 12,000 nkukaitanitsa kwa anzake aja. Sitolo yanuyo inalowa m'panganolo yokha, popanda wina kukambirana za dzina lanu, chifukwa ndi pangano la chaka chonse lokhudza onse a mtundu wanu. Limeneli amalitcha treaty.

Nyumba yosungiramo mbewu ya madola 5 miliyoni ndi nkhani ina. Tinene kuti kampani imasunga yokha madola 200,000 pa chiopsezo chimodzi, ndipo treaty yake imalandira kuchulukitsa kasanu ndi kanayi pamwamba pake. Zonse pamodzi zikukwana madola 2 miliyoni. Madola 3 miliyoni otsalawo ayenera kufunidwira mwini payekha, kampani ndi kampani, ndipo aliyense ali ndi ufulu wolandira kapena kukana. Uku ndi kumene amati facultative. Palinso pangano lina, la excess of loss, limene kampani imati pa tsoka limodzi ilipira yokha madola 100,000 oyamba, zopitirira pamenepo alipire a reinsurance mpaka malire akutiakuti. Pangano lotere ndi limene limapulumutsa kampani msika wonse ukapsa usiku umodzi.

Chidziwitso chopita ku boma

Bungwe loyang'anira makampani a inshuwaransi ku Zimbabwe ndi Insurance and Pensions Commission, mwachidule IPEC. Linakhazikitsidwa ndi lamulo la Insurance and Pensions Commission Act, Chapter 24:21, ndipo lamulo lalikulu limene limayendetsera malondawa ndi Insurance Act, Chapter 24:07. Ku Malawi ntchito yomweyi ili m'manja mwa Registrar of Financial Institutions, yemwe ndi Gavanala wa Reserve Bank of Malawi. Ku Zambia ndi Pensions and Insurance Authority. Mabungwe otere m'mayiko ambiri amatsata mfundo za International Association of Insurance Supervisors, ndipo mfundo ya nambala 13 ndi yokhudza reinsurance: kampani ikhale ndi dongosolo loyenerana ndi kukula kwa malonda ake, mapangano alembedwe msanga, ndipo woyang'anira athe kuona bwinobwino chimene chagawidwa ndi kwa ndani.

Chifukwa chake sichovuta kumva. Kampani yaing'ono ikhoza kulonjeza malipiro oposa chuma chake chonse, poti ikudalira a reinsurance. Ngati woyang'anira sakudziwa kuti a reinsurance akewo ndani, ndiye kuti sakudziwanso ngati kampaniyo ili yamoyo kapena ndi chigoba chabe. Nchifukwa chake makampani amapereka malipoti ku IPEC miyezi itatu iliyonse komanso pakutha pa chaka, osonyeza pulimiyamu imene alandira ndi imene apereka kwa a reinsurance. IPEC imasonkhanitsa ziwerengerozi nkuzifalitsa m'malipoti ake, ndipo aliyense angathe kuziwerenga pa intaneti kwaulere. Ndi ogulitsa mbewu ochepa kwambiri amene anatsegulapo malipotiwa, chonsecho timatha sabata yathunthu tikufananiza mitengo ya feteleza.

Chiopsezo chikamapita kunja kwa dziko, kungodziwitsa sikukwanira. Kampani kapena mkhalapakati wake, yemwe pamsika timamutcha broker, ayenera kupempha chilolezo ku IPEC, ndipo ayenera kusonyeza kuti anayamba wafunsa makampani a m'dziko muno, ndipo iwo alandira zomwe angathe, zotsalazo nkuzikana. Pamwamba pa chilolezocho pali malamulo a Reserve Bank of Zimbabwe okhudza kutumiza ndalama zakunja, chifukwa wa ku London salandira ZiG.

Lamuloli lili ndi nzeru zake. Dziko losowa ndalama zakunja silingalole kuti pulimiyamu izingotuluka pomwe makampani a komweko akadatha kusenza katunduyo. Komanso limatseka khomo kwa makampani abodza akunja amene amalandira pulimiyamu nkusowa tsiku la tsoka. Koma ife a zaulimi tiyenera kuonanso mbali ina. Chilala cha El Niño chitagwa, Zambia inalengeza za tsoka pa 29 Febuluwale 2024, Malawi pa 23 Malichi, Zimbabwe pa 3 Epulo. Chilala sichipsereza sitolo imodzi ngati moto. Chimagwira alimi onse nthawi imodzi, makampani onse a inshuwaransi nthawi imodzi, ndi a reinsurance onse a m'chigawo chino nthawi imodzi. Chiopsezo chotere chikangozungulira pakati pa makampani a mu Harare, ndiye kuti sichinagawidwe konse, changosamuka chipinda m'nyumba yomweyo. Ife tikuona kuti pa inshuwaransi ya mbewu za m'munda, gawo lalikulu liyeneradi kutuluka kunja, kukafika kumene mvula yake ndi ina. Tsono chilolezo chija chimasanduka mbali ya kalendala ya ulimi. Pempho likalowa mochedwa, mvula siidikira kalata. Wochulukitsa mbewu amene wabwera kwa broker mu Novembala, chimanga chitamera kale, asadabwe akauzidwa kuti mbali ina ya inshuwaransi yake sinapeze mwini.

Pali mchitidwe wina umene IPEC ndi anzake amauyang'anitsitsa, wotchedwa fronting. Kampani ya m'dziko imalemba pangano m'dzina lake, nkupereka pafupifupi chiopsezo chonse kunja, iyo nkutsala ndi komishoni. Zimachitika kawirikawiri ndi makampani aakulu amene likulu lawo lili kunja ndipo ali ndi inshuwaransi imodzi ya nthambi zawo zonse. Si mlandu pakokha. Koma wakunjayo akakana kulipira, ngongole yonse imatsalira kampani yaing'ono ija, imene sinakonzekere kulipira ngakhale gawo limodzi mwa magawo khumi.

Chidziwitso chopita kwa a reinsurance

Apa ndi pamene ife eni masitolo ndi minda timalowa m'nkhaniyi osadziwa. A reinsurance sabwera ku Budiriro kudzaona sitolo yanu. Chimene amadziwa ndi chokhacho chimene kampani yawauza, ndipo chimene kampani imadziwa ndi chokhacho chimene inu munalemba pa fomu. Lamulo la inshuwaransi limafuna kuti wopempha aulule chilichonse chimene chingasinthe maganizo a wolandira chiopsezo, ndipo udindo umenewu umakwera makwerero onse: inu kwa kampani, kampani kwa a reinsurance. Bodza kapena kuiwala kwa pansi kumafika pamwamba, ndipo kukana kwa pamwamba kumatsikira pansi.

Tengani nkhani ya malo. Munalembetsa sitolo ya njerwa ya pa Kamunhu ku Mabvuku, koma nyengo ya malonda itafika mwasamutsa theka la mbewu kupita pa tebulo la mphwanu ku Mbare, kumene kuli anthu ambiri ogula. Kwa inu ndi katundu yemweyo. Kwa kampani ndi chiopsezo china, chifukwa imawerengetsa kuti pamalo amodzi ili ndi mapangano angati amene angapsere limodzi, ndipo chiwerengerocho ndi chimene inauza a reinsurance pogula excess of loss ija. Mbewu yosamutsidwa mosadziwitsa kawirikawiri imakhala kunja kwa pangano.

Tengani nkhani ya mtengo. Munalembetsa mu Juni, shelefu ili ndi mbewu ya madola 8,000. Mu Okutobala muli ndi ya madola 20,000, ndipo moto waononga ya madola 10,000. Mapangano ambiri a moto ali ndi ndime yotchedwa average, imene imati ngati munaika pa inshuwaransi magawo 8 mwa magawo 20, mudzalipidwanso magawo 8 mwa magawo 20 a zomwe mwataya. Mudzalandira madola 4,000, ndipo kampani idzakhala isanakubereni. Njira yake ndi kupempha pangano lolola kuti muzinena mtengo wa katundu mwezi ndi mwezi, kapena lokweza malire m'miyezi ya malonda. Funsaninso kampani ya mbewu imene imakupatsani katundu woti mugulitse kaye nkulipira pambuyo: kodi mbewuyo ikadali pa inshuwaransi yawo ikakhala m'sitolo mwanu, kapena inasanduka mtolo wanu itangotsika mu lole? Pangano lanu ndi iwo ndi limene limayankha, osati zimene woyendetsa lole anakuuzani.

Ndalama nazo zili ndi nkhani yake. ZiG inayamba pa 5 Epulo 2024, ndipo pa 27 Seputembala chaka chomwecho mphamvu yake inatsitsidwa ndi magawo oposa 40 pa 100 alionse. Moto wa ku Mbare unabuka patangopita masiku 11. Amene analemba mtengo wa katundu wake mu ZiG mu Ogasiti anadzuka ali ndi pangano lochepera katundu wake, iye osasintha kanthu. Achikulire amakumbukira zoposa apa, momwe inshuwaransi ndi penshoni zinasungunukira pofika 2009, mpaka boma linakhazikitsa komiti yofufuza ya Justice George Smith mu 2015. Choncho onani kuti mtengo wa katundu, pulimiyamu ndi malipiro zalembedwa m'ndalama imodzi, ndipo ikhale ndalama imene mumagulira mbewu.

Kuyambira 2023, lamulo la Statutory Instrument 81 of 2023 linakhazikitsa mfundo yakuti popanda pulimiyamu palibe inshuwaransi. Kale broker amatha kukupatsani pepala, ndalama nkubwera pambuyo, mwinanso kukhalitsa m'manja mwake. Ena amaliona lamuloli ngati nkhanza pa wamalonda wamng'ono amene ndalama zake zonse zili mu katundu, ndipo dandaulo lawolo tikulimva. Koma taonani makwerero aja. Mapangano ambiri a facultative ali ndi ndime yakuti pulimiyamu ikapanda kufika pofika tsiku lakutilakuti, a reinsurance ali ndi ufulu wochoka. Ngongole ya pansi inkasiya kampani ili yokhayokha pamwamba. Mukalipira kudzera mwa broker, funsani lisiti kapena kalata yochokera ku kampani yeniyeniyo.

Ndiye pali tsiku la tsoka. Pangano lanu limanena masiku amene muyenera kudziwitsa kampani. Liwerengeni lero, chifukwa mapangano amasiyana, ndipo a matalala ndi moto wa m'munda amapereka nthawi yaifupi kwambiri. Kampani nayo ili ndi nthawi yake yodziwitsira a reinsurance, ndipo pa chiopsezo chachikulu pamakhala ndime yowapatsa mphamvu yosankha nawo woyesa kuonongeka, ngakhalenso yoletsa kampani kuvomera kulipira iwo asanavomere. Inu mukachedwa sabata ziwiri chifukwa mumathamanga ndi apolisi ndi a khonsolo, kampani imachedwa, a reinsurance amapeza podandaulira, ndipo fayilo imagona. Musasese phulusa, musataye matumba opsa, musalime munda woonongeka woyesa asanafike. Tumizani uthenga wolembedwa tsiku lomwelo, ngakhale wa mizere iwiri, zina zonse zidzatsatira.

Zimene zinachitika ku Malawi mu 2016

Palibe chitsanzo chimene chimatikhudza ife a mbewu kuposa ichi. Boma la Malawi linagula inshuwaransi ya chilala ya nyengo ya 2015/16 ku African Risk Capacity, bungwe la African Union limene nalonso limagawira chiopsezo chake kwa a reinsurance a padziko lonse. Pulimiyamu inali pafupifupi madola 4.7 miliyoni. Inshuwaransi yotere siyesa munda ndi munda. Imagwiritsa ntchito pulogalamu ya kompyuta yotchedwa Africa RiskView, imene imayerekeza mvula yogwa ndi madzi amene mbewu ikufuna. Chilala chinagwadi, boma linalengeza za tsoka mu Epulo 2016, ndipo anthu oposa 6 miliyoni anafunika thandizo la chakudya. Koma pulogalamuyo inati okhudzidwa ndi ochepa, ndipo malipiro sanatuluke.

Atafufuza, zinapezeka kuti pulogalamuyo inauzidwa kuti alimi amabzala chimanga chocha pa masiku 120 mpaka 140, pomwe alimi ambiri anali atasamukira ku chimanga chocha msanga, cha masiku pafupifupi 90. Ng'amba inagwa nthawi imene chimanga chocha msangacho chinkafuna madzi kwambiri, pomwe chochedwa chija, pa kompyuta, chinkaoneka ngati chipulumuka ndi mvula ya pambuyo. Atakonza chiwerengerocho, mu Novembala 2016 anavomera kulipira madola 8.1 miliyoni, ndipo ndalamazo zinafika mu Januwale 2017, anthu atavutika kale miyezi yambiri.

Amene ankadziwa bwino za kusinthako anali ogulitsa mbewu. Ndi ife amene timaona kuti chaka chino alimi akufuna Kanyani kuposa Njobvu, kapena monga timanenera kuno ku Harare, Tsoko kuposa Nzou. Mu 2024 African Risk Capacity inalipira boma la Zimbabwe madola 16.8 miliyoni chifukwa cha chilala cha El Niño, ndipo inshuwaransi yoyendera muyeso wa mvula ikufalikira kwa alimi ang'onoang'ono. IPEC ndi makampani a inshuwaransi anaiyesa kale m'boma la Goromonzi, kufupi ndi Harare. Inshuwaransi yotere ikamamangidwa pamodzi ndi thumba la mbewu limene mukugulitsa, funsani kuti muyesowo unawerengedwa pa chimanga cha masiku angati, ndi tsiku liti lobzala. Yankho likasiyana ndi zimene mukugulitsa pa kauntala, nenani molemba mvula isanagwe, chifukwa mlimi akadzakanidwa malipiro sadzapita ku Zurich. Adzabwera kwa inu.

Ochulukitsa mbewu ali ndi mbali yawo. Chimanga cha mbewu si chimanga cha ufa. Mtengo wake ndi wina, ndipo njira zimene chingaonongekere ndi zina. Munda ukhoza kuoneka wobiriwira koma oyendera a Seed Services, potsata lamulo la Seeds Act, Chapter 19:13, nkuukana chifukwa mnansi anabzala chimanga chake pafupi, kapena chifukwa ngayaye za mizere yaikazi zinachotsedwa mochedwa. Inshuwaransi wamba ya matalala ndi moto siilipira zimenezo. Ngati fomu inangolembedwa kuti chimanga, kampani inauzanso a reinsurance kuti chimanga, ndipo pa tsiku la tsoka adzawerengera mtengo wa chimanga cha ufa. Lembani kuti ndi mbewu yochulukitsa, tchulani mtundu wake, ndipo phatikizani pangano lanu ndi kampani ya mbewu losonyeza mtengo pa tani.

Chidziwitso chimene simudzalandira

Tafika pa mfundo imene imadabwitsa ambiri. Mwachizolowezi, kampani siikudziwitsani kuti yagawira chiopsezo chanu kwa ena. Chifukwa chake nchakuti pamaso pa lamulo awa ndi mapangano awiri osiyana. Lanu lili pakati pa inu ndi kampani, linalo lili pakati pa kampani ndi a reinsurance, ndipo inu simuli mbali ya lachiwirilo.

Zimenezi zili ndi ubwino wake. Kampani ili ndi udindo wokulipirani zonse zimene pangano lanu likunena, kaya a reinsurance aibwezera kaya ayi. Wogwira ntchito akakuuzani kuti tikudikira a reinsurance, akukuuzani chifukwa chimene achedwera, koma sakukuuzani lamulo, pokhapokha ngati pangano lanulo lili ndi ndime yomangiriza malipiro anu ku malipiro a iwowo. Ndime yotere muiyang'ane musanasaine, makamaka pa mapangano aakulu. Kuipa kwake nkwakuti kampani ikagwa, simungapite nokha kwa a reinsurance kukatenga gawo lanu. Ndalama zawo zimalowa m'thumba la onse amene kampaniyo ili nawo ngongole, inu nkukhala pamzere. Makampani aakulu a mbewu ndi mabanki amene amawakongoza nthawi zina amapempha ndime yotchedwa cut-through, yolola a reinsurance kulipira mwini katundu mwachindunji, ngakhale mphamvu ya ndimeyi kampani itagwa ndi nkhani yofunika loya. Wa sitolo imodzi ku Kambuzuma sangaipeze, koma ogulitsa makumi angapo ogula inshuwaransi pamodzi ali ndi mawu amene mmodzi alibe.

Tisasokoneze zimenezi ndi kusamutsa mapangano. Kampani ikagulitsa mapangano ake kwa ina, kapena makampani awiri akaphatikizana, amene adzakulipireni wasintha, ndipo zimenezo sizichitika popanda chilolezo cha oyang'anira. Kalata kapena chilengezo cha m'nyuzipepala chonena za kusamuka kotere chiwerengeni mpaka pansi, chifukwa ndi nthawi imeneyo imene muli ndi mwayi wofunsa kapena kudandaula.

Poti kampani siidzakuuzani yokha, ntchito yofunsa ndi yanu, ndipo broker wabwino sakwiya nayo. Yambani ndi kuona ngati kampaniyo ndi broker wakeyo ali pa mndandanda wa olembetsedwa umene IPEC imafalitsa. Kenako funsani ngati chiopsezo chanu chikulowa mu treaty kapena chikufuna facultative. Ngati ndi facultative, pemphani kalata yotsimikiza kuti magawo onse 100 apeza eni, mayina a eniwo, ndipo ngati ena ndi akunja, kuti chilolezo cha IPEC chinatuluka. Funsaninso tsiku limene treaty ya kampaniyo imatha. Ambiri amatha pa 31 Disembala, chimanga chathu chili m'mawondo, ndipo ndi bwino kudziwa kuti munda umene unalowa mu Novembala udzakhala wotetezedwa ndi pangano lomwelo mpaka kukolola.

Malipiro akachedwa kopitirira muyeso, lembani kaye ku kampani, mupemphe chifukwa chake molemba. Yankho likapanda kukukhutiritsani, IPEC imalandira madandaulo a eni mapangano kwaulere. Mudzafunika pepala la pangano, malisiti a pulimiyamu, uthenga wanu woyamba wodziwitsa za tsoka wokhala ndi tsiku lake, ma invoice a mbewu, ndi buku la katundu. Zonsezi zijambuleni pa foni mwezi uno nkuzitumiza kwa wachibale wokhala kwina, chifukwa kabati imene mumasungamo mapepala ili m'sitolo momwemo.